Pasipoti Yoyenda Yokha: Za Masiku 30 a ku Joni

 Lero ndilemba motalika, ndipo ndikupemphani kuti mundipirire, pakuti nkhaniyi takhala tikuinong'ona pa maliro ndi m'misonkhano ya ankhoswe, koma sitinaikambepo poyera ngati anthu a banja limodzi.

Nkhani yake ndi ya pasipoti imene imayenda yokha. Mwini wake ali ku Johannesburg, akutchetcha kapinga kapena akulera ana a bwana wake, koma kabuku kake kakwera basi m'thumba la munthu wina, kafika pa chipata cha Beitbridge, kadindidwa kuti mwini wake watuluka, kadindidwanso kuti walowa, kenaka kabwerera kwa iye kali ndi masiku atsopano. Ena amati kudinditsa, ena amati kugula masiku. Palinso ena amene satumiza kabukuko koma amanyamuka okha masiku akayandikira kutha, kupita kumalire a Mozambique, Lesotho kapena Eswatini, kuponda dothi la dziko linalo kwa ola limodzi n'kutembenuka, poyembekeza kuti awerengedwa ngati alendo ofika kumene. Ndiye pali gulu lachitatu, la amene anangosiya kuwerenga masiku. Maganizo anga ndiwanena pachiyambi pomwe kuti musavutike kuwafufuza: njira zitatu zonsezi zikutidya, ndipo yoopsa kuposa zonse ndi imene ambiri amaiyesa yochenjera, yotumiza pasipoti.

Musaganize kuti ndabwera kudzanyoza wina aliyense chifukwa anapita ku Joni. Ndimakhala pa Phalula pomwe pano, ndipo dzuwa la kuno ndimalidziwa. Ndimadziwa mmene chimanga chimapserera chisanamasule, mmene mlimi wa thonje amabwerera kumsika atagwira tsaya, ndi mmene matumba a makala amandandalikira m'mbali mwa msewu wa M1 chifukwa anthu asowa china chogulitsa. Namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya feteleza, sopo ndi shuga inakwera ngati utsi. Chaka cha 2024 kunabwera ng'amba, boma n'kulengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 mwagwa tsoka. Mnyamata amene wamaliza Folomu 4, waona zonsezi, n'kuonanso mnzake atamangira mayi ake nyumba ya malata ndi ndalama za ma randi, simungamuuze kuti akhale pansi adikire. Nyumba zambiri zanjerwa zowotcha m'midzi yathu, fizi ya ana ambiri, ngakhale gawo la chopereka chimene chimalowa m'mbale Lamulungu, zinadutsa pa Mukuru. Zimenezo n'zoona ndipo sindizibisa.

Ndiponso ulendowu sunayambe ndi ana a lero. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero malo okwerera mabasi mu Blantyre amatchedwa dzina limenelo. Ena ankayenda paokha, amene ankatchedwa a selufu, ndipo amene anakakhalirira osabwerera tinawatcha matchona. Pa 4 Epulo 1974 ndege imene inanyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufera pomwepo, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Khomolo linatsegukanso mu 1977, kudzera ku TEBA imene tinkaitcha Theba, koma linatsekeka mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Sindikuyamikira nyengo imeneyo, pakuti inali ya tsankho ndi nkhanza, ndipo nkhalamba zina zinamwalira zikudikira ndalama zawo za ku migodi. Chimene ndikufuna muone n'chakuti munthu wa Wenela ankapita ndi pepala la ntchito, dzina lake likudziwika kumene akuchokera ndi kumene akupita. Khomo la ntchito litatsekedwa, njala siinatsekedwe nalo limodzi. Anthu anayamba kulowera pa khomo la alendo, ndipo mavuto amene ndikulemba lero anabadwira pamenepo.

Tsono tiyeni timve chimene khomo la alendolo limanena, pakuti safunsa anadya phula.

Mmalawi amene ali ndi pasipoti yabwinobwino safunika kupempha viza asananyamuke kupita ku South Africa. Akafika pa chipata amadindidwa chilolezo cha mlendo cha masiku osapitirira 30. Onetsetsani mawu akuti osapitirira: wodindayo ali ndi mphamvu yopereka masiku ochepa kuposa pamenepo, ndipo tsiku lomaliza limalembedwa pachidindo pomwepo. Chilolezo chimenechi n'chochezera abale, kukagula katundu, kukaona malo. Si chogwirira ntchito. Izi zili m'lamulo lawo loona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko la chaka cha 2002. Choncho mwana wathu amene akugwira ntchito m'sitolo ku Durban kapena m'munda wa mphesa ku Cape Town ndi chidindo cha mlendo, ngakhale masiku ake atakhala kuti sanathe, waphwanya kale lamulo, ndipo bwana amene wamulemba naye waliphwanya. Apa mpamene ambiri amadzinamiza. Amati "mapepala anga ali bwino, ndinadinditsa sabata yatha," pamene chidindocho, ngakhale chikhale chenicheni, sichinamulolepo kugwira tsache la munthu kuti alipidwe.

Nanga wopita yekha kumalire n'kutembenuka? Malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 26 Meyi 2014 anaiona kale njira imeneyi ndipo anaitseka. Amanena kuti munthu amene kwawo si dziko lochita malire ndi South Africa, akatuluka n'kubwereranso, amalowa ndi masiku omwe aja amene anatsala pa chidindo chake choyamba. Ngati masikuwo atha, angapatsidwe masiku osapitirira 7. Masiku athunthu amaperekedwanso pokhapokha ngati munthuyo akuchokera kudziko kwawo. Abale anga, tsegulani mapu. Malawi sachita malire ndi South Africa. Pakati pathu ndi iwo pali Mozambique ndi Zimbabwe. Ndiye kuti amene wakwera minibasi kupita ku Lebombo, ku Maseru Bridge kapena ku Oshoek, walipira thiransipoti, wataya tsiku la ntchito, mwalamulo akuyenera kubwerako ndi sabata imodzi yokha. Akabwerako ndi masiku 30, tisachite kufunsa mlosi: pali dzanja limene lalandira kanthu.

Kuti munthu apeze masiku 30 atsopano moongoka, ayenera kubwerera kuno kumudzi. Inu nonse mukuudziwa mtundawo: Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, Zalewa, n'kudzatsika pa Phalula. Masiku awiri m'basi, nthawi zina atatu pa malire pakadzadza, kenaka ulendo womwewo pobwerera. Palibe wantchito ya m'nyumba amene malipiro ake angakwanitse ulendo wotere mwezi ndi mwezi, ndipo palibe bwana amene angamulole kusowa sabata imodzi mwezi uliwonse. Pali njira yopempha kuti masiku awonjezeredwe uli komweko, kudzera ku maofesi a VFS Global, masiku asanathe, koma imafuna ndalama ndi chifukwa chomveka, ndipo siisandutsa mlendo kukhala wantchito. Wofuna chilolezo cha ntchito ayenera kupempha ali kuno, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo zofunika zake n'zolemera kwa munthu amene ntchito yake ndi ya m'dimba kapena ya m'khitchini.

Mpata umenewu, pakati pa lamulo ndi mimba, ndi umene madobadoba ndi matransipota ena anamangapo malonda awo. Ndikuti ena, chifukwa alipo ambiri onyamula katundu amene ndi anthu okhulupirika, amene amatifikitsira mabulangete ndi njinga popanda kusowa kanthu. Koma wonyamula mapasipoti a anthu m'chikwama akugulitsa chinthu chimene iye alibe. Chidindo chimene amabwera nacho chimakhala cha mitundu iwiri. China n'chosema, chopangidwa kuseri kwa nyumba. Chimaoneka bwino pamaso, koma mu kompyuta ya boma mulibe chilichonse chosonyeza kuti munthuyo anatuluka kapena analowa. China n'chenicheni, chodindidwa ndi wogwira ntchito pa chipata amene walandira chiphuphu. Mwini pasipoti sangasiyanitse. Amangoona inki ndi tsiku, mtima n'kukhala pansi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo zimatuluka tsiku limene munthuyo wafika yekha pa chipata, mwina akubwera ku maliro a mayi ake, mwina akubwera ndi katundu wa zaka zitatu. Wogwira ntchito aika pasipoti pa makina, ndipo makinawo akunena zina, masamba akunena zina. Apa ndikufuna mumvetse kusiyana kwa zilango ziwiri, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu.

Munthu amene wangopitirira masiku, popanda chinyengo china, amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo kwa nthawi yoikika. Akapitirira ndi masiku osaposa 30, amaletsedwa kulowa kwa miyezi 12. Akabwereza kachiwiri mkati mwa miyezi 24, amaletsedwa zaka 2. Akapitirira ndi masiku oposa 30, amaletsedwa zaka 5. Chisanafike chaka cha 2014 anthu ankalipira chindapusa n'kumapita, ndipo mpaka lero alipo amene amalangiza anzawo ndi nzeru zakalezo, kuti "ukangolipira pa boda zatha." Zimenezo zinatha kalekale. Wina akakuuzani lero kuti mupereke ndalama pa chipata kuti asakulembeni, dziwani kuti mukupereka chiphuphu, osati chindapusa. Chilango cha zaka 5 n'chowawa, koma chili ndi mapeto, ndipo lamulo limalola munthu kuchita apilo.

Koma munthu wopezeka ndi chilolezo chachinyengo, pasipoti yachinyengo kapena chitupa chachinyengo, lamulo lomwelo limamuika m'gulu lina, la anthu oletsedwa, ndipo chiletso chimenechi sichinaikidwe zaka zoti chidzathere. Chimachoka pokhapokha mkulu wa nthambi yoona za m'dziko kumeneko atavomera kuchichotsa. Pamwamba pake pali mlandu wa kukhoti. Taonani tsono: amene anatumiza pasipoti pothawa chiletso cha chaka chimodzi kapena zaka zisanu, wadzigulira ndi ndalama zake zomwe chiletso chopanda malire. Analipira mwezi ndi mwezi, kudzimana ndiwo, kuti agule chingwe chomumangira.

Ndipo masiku ano ukonde ukunka nuchepa maso. Kuyambira mu Epulo 2023 malire a South Africa akuyang'aniridwa ndi bungwe lapadera lotchedwa Border Management Authority. M'chaka cha 2025 bungweli linayamba kugwiritsa ntchito makamera ovala pachifuwa ndi tindege touluka topanda munthu, ndipo linabweretsa zidindo zatsopano, chilichonse chili ndi nambala yake yolozera kwa wodinda mmodzi. Wodinda wachiphuphu akagwidwa, mapasipoti onse amene anadutsa m'manja mwake amakhala pa chiopsezo. Iye adzayankha mlandu wake, koma inu mudzayankha wanu.

Pali chinthu china chimene anthu saganizira. Sabata imene pasipoti ili pa ulendo, mwini wake ali chimanjamanja m'dziko la eni. Apolisi akamuimitsa pa msewu, anena chiyani? Kuti pasipoti yake yapita ku Beitbridge yokha? Akadwala mwadzidzidzi, akachita ngozi, kapena, Mulungu atiteteze, akamwalira, abale adzayambira pati pamene mapepala akusonyeza kuti munthuyo ali kunja kwa dziko? Ife amene timakhala nawo pa zokambirana za maliro timadziwa kulemera kwa kubweretsa thupi kuchokera ku Joni, ngakhale mapepala onse ali bwino. Magulu a pa WhatsApp amasonkha, amayi a Mvano amagona pa siwa masiku ambiri, chimanga cha banja chimatha mtembo usanafike. Mapepala akasokonekera, masikuwo amachuluka. Komanso chikwama cha mapasipoti chikhoza kulandidwa, kubedwa kapena kungosowa, ndipo wonyamulayo foni yake n'kusiya kupezeka. Mudzakam'sumira kuti, pamene chimene munapangana n'chosaloledwa?

Za asayilamu ndinena mwachidule. Pepala limenelo ndi la anthu othawa nkhondo ndi chizunzo, ndipo Malawi sali pa nkhondo. Kuti Mmalawi alipeze, kawirikawiri amayenera kupeka nkhani, mwina kusintha dzina kapena dziko lobadwira. Tsiku limene wabwera kuno kudzacheza, wasonyeza yekha kuti kwawo kulibe chimene amathawa. Ndipo bodza lakelo limatalikitsa mzere wa munthu wa ku Congo kapena ku Somalia amene nyumba yake inawotchedwadi.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima. Mukuti, "Akuluampingo, inu mukulankhula muli pa khonde lanu. Lamulolo analemba ndi anthu okhuta. Ife tikapanda kudinditsa, ana adya chiyani?" Funso limeneli sindilipeputsa, ndipo mbali ina ndikugwirizana nanu. Dziko limene limadya thukuta la Amalawi m'makhitchini, m'minda ndi m'masitolo ake, koma osawatsegulira khomo lolowera moongoka, lili ndi mlandu wake. Mabwana ambiri amakonda wantchito wopanda mapepala chifukwa sadandaula, salipidwa mokwanira, ndipo angathe kuchotsedwa madzulo amodzi. Makhoti a kumeneko anagamula kale, m'chaka cha 2008, kuti ngakhale munthu wopanda chilolezo cha ntchito ali ndi ufulu wokadandaula ku CCMA akachitiridwa nkhanza pa ntchito, koma ndi angati amene amalimba mtima kupitako? Tinaona anthu akunja akuphedwa mu Meyi 2008, tinaona mabasi akubweretsa abale athu kuchokera ku Durban mu Epulo 2015, ndipo tamva za gulu la Operation Dudula likutsekereza alendo pa zipata za zipatala. Zonsezi n'zoipa, ndipo mapepala abwino saletsa mwala wa munthu wachidani.

Koma funso langa ndi ili: kodi chidindo chogula chimachotsapo vuto liti pa mavuto amenewa? Sichikupatsani ufulu wa ntchito. Sichikutetezani kwa bwana wankhanza. Sichiletsa a Dudula. Chimangokuwonjezerani mlandu, n'kumatenga gawo la malipiro anu mwezi uliwonse kupatsa munthu amene sanagwire ntchito. Ndipo pali china chimene ine monga mkulu wa mpingo sindingachidumphe. Chiphuphu chimene timadana nacho tikachiona pa ofesi za kuno kwathu, pa msewu, pa kagawidwe ka makuponi, ndi chomwecho chimene timatumiza m'kati mwa pasipoti. Sichisintha dzina chifukwa chawoloka Limpopo. Ndamvapo anthu akupempha mapemphero kuti "mapepala ayende bwino," pamene chimene akutanthauza n'chakuti wonyamula mapasipoti asagwidwe. Munthuyo ndimamupempherera ndi mtima wonse, kuti asungidwe ndi kupeza njira. Koma chikwamacho sindingachipempherere, ndipo ndikhulupirira kuti abusa athu nawonso sangatero.

Tsopano ndilankhule ndi inu otsala kuno, pakuti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, ndipo nthawi zina ndi akulu amene amam'tuma mwanayo mumtengo. Bambo, mayi, malume, mwini mbumba: mwana wanu akaimba foni, mumayamba ndi funso liti? Ambiri timayamba ndi "watumiza?" Sitifunsa kuti masiku ake atha liti, akugona pati, bwana wake akumulipira kapena ayi. Timam'tumizira mndandanda: feteleza, fizi, malata, chinkhoswe cha mlongo wake, ngongole ya ku banki m'khonde. Mnyamata amene ankafuna kubwerera masiku ake asanathe amaona mndandandawo, n'kuchita manyazi kubwera ndi chikwama chimodzi, n'kukhalirira. Mwezi umasanduka chaka. Akadziwa kuti akangotuluka adzaletsedwa zaka 5, amaopa kubwera ngakhale pa maliro a bambo ake. Umu ndi mmene tikupangira matchona atsopano. Akale ankasowa chifukwa kalata sinkafika. A lero timawaona nkhope pa foni tsiku lililonse, koma mpando wawo pakhomo uli wopanda munthu.

Mabanja nawo akugwedezeka. Kuno kwathu kwa chikamwini, mwamuna akachoka amasiya mkazi pakati pa abale ake a mkaziyo, ndipo zaka zikapita zinayi, zisanu, ankhoswe amayamba kuitanidwa. Milandu yambiri ya mabanja imene imafika pamaso pa akulu a mpingo imayamba ndi mawu akuti "anapita ku Joni." Mwamunayo mwina sanasiye kukonda banja lake, anangotsekeredwa ndi tsamba limodzi la pasipoti. Ndipo ana obadwira kumeneko kwa makolo opanda mapepala sakhala nzika za South Africa chifukwa chongobadwirako, ndipo kupeza kalata yawo ya kubadwa kumavuta. Mwana wotere amakula osadziwika bwino uko, osalembedwa kuno.

Boma lathu nalo lisakhale chete. Anthu a ku Zimbabwe anapatsidwa zilolezo zapadera zokhalira ndi kugwira ntchito ku South Africa, ndipo a ku Lesotho chimodzimodzi. Zilolezo zimenezo zili ndi mavuto ake ndipo zakhala zikukokedwa m'makhoti, koma zinapatsa anthu ambirimbiri mwayi woyenda mutu uli m'mwamba. Amalawi alibe chilolezo chotere, ngakhale kuti agogo awo anakumba golide wa dziko limenelo. Aphungu athu a ku Balaka, Machinga ndi Mangochi, maboma amene ana awo ambiri ali kumeneko, akabwera kudzapempha mavoti kapena kudzakhala nafe pa maliro, tiwafunse za nkhani imeneyi m'malo mongowapempha bokosi. Mgwirizano wa maboma awiri wolola anthu kukagwira ntchito kwa nyengo yoikika, dzina likudziwika, malipiro akudziwika, ungaphe malonda a madobadoba msanga kuposa kamera iliyonse.

Pamene tikudikira zimenezo, pali zimene zili m'manja mwathu. Amene mukupita kukagula katundu wodzagulitsa kuno, masiku 30 ndi okwanira. Pitani, gulani, bwerani masiku asanathe, ndipo pasipoti yanu idzakutumikirani zaka zambiri. Mukangodindidwa pa chipata, musaike kabukuko m'thumba musanawerenge tsiku limene lalembedwa, pakuti mwina mwapatsidwa masiku 14 inu mukuyesa 30. Pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu kupita kwa dalaivala, kondakitala kapena "munthu wodziwa njira"; pa windo muime nokha, akuoneni nkhope. Amene simunanyamuke ndipo mukuganiza zogulitsa mbuzi ndi munda kuti mupeze thiransipoti, khalani pansi ndi munthu amene anabwerako, osati amene akukuitanani, mumufunse ndalama zimene zinkatsala m'manja atalipira lendi, chakudya ndi chidindo.

Amene masiku anakuthawani kale, sindikupatsani chiyembekezo chabodza. Mukatuluka pa chipata mudzapatsidwa pepala lokuletsani kubwerera kwa nthawi imene ndatchula ija. Koma kutuluka nokha, ndi katundu wanu, ndi ndalama zanu, n'kosiyana kwambiri ndi kugwidwa pa msewu n'kutumizidwa ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo amene ali ku Krugersdorp. Kumeneko munthu angathe kusungidwa mpaka masiku 120, ndipo amabwera kuno ndi zovala za m'thupi zokha, katundu yense atatsala m'chipinda cha lendi. Dziwaninso kuti khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula mu 2017 kuti munthu womangidwa pofuna kum'bweza kwawo ayenera kuonekera pamaso pa khoti mkati mwa maola 48. Uwu ndi ufulu wanu, ndipo abale amene ali pafupi aufunse.

Ngati munapitirira masiku pa chifukwa chenicheni, monga kugonekedwa m'chipatala, sungani makalata onse a dokotala. Pepala limene akupatsani pa chipata musalitaye kapena kuling'amba chifukwa cha mkwiyo, pakuti apilo imayambira pa pepala limenelo. Imalembedwa kupita ku nthambi yoona za m'dziko ya ku South Africa mkati mwa masiku 10 ogwira ntchito, pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa, zithunzi za masamba a pasipoti ndi umboni wanu. Musapereke ndalama kwa munthu amene akuti ali ndi mnzake m'kati amene "adzafufuta dzina mu kompyuta". Amene akulonjeza zimenezo ndi m'bale wake wa wonyamula chikwama uja.

Inu amene muli kumeneko, musadzipatule. Pezani mpingo, lowani m'gulu la Amalawi anzanu losonkherana pa matenda ndi maliro, ndipo m'bale mmodzi kuno akhale ndi adiresi ya kumene mukugona, nambala ya munthu wina amene mumakhala naye pafupi, ndi chithunzi cha tsamba loyamba la pasipoti yanu. Ndipo inu makolo, inu amayi amene amuna anu ali ku Joni, usiku uno mukamalankhula nawo, musanatchule feteleza, apempheni akutumizireni chithunzi cha tsamba limene pali chidindo chomaliza, ndipo muwafunse ngati anaima okha pa windo tsiku limene chinadindidwa. Amene maso akukuvutani kuwerenga tsiku lolembedwa pachidindocho, bwerani ndi foniyo ku vesitile Lamulungu tikaweruka, tidzawerengere limodzi.